NDIWO ZA KWA CHIKOMENI NDI MTENGO WA NYAMA YA GWAPE

Wolemba Mtolankhani Wathu

Dziko la Mfumu Chikomeni liri kumwera cakumadzulo kwa tauni ya Lundazi, ndipo kuyambira mu 2018 liri pansi pa boma latsopano la Lumezi. Kumadzulo kwace kuli nkhalango ya Lukusuzi momwe Boma limasungiramo nyama za kuthengo, ndipo kum'mawa, kutsidya kwa malire a dziko la Malawi, kuli nkhalango ina yaikulu ya Kasungu. Mlendo akamva zimenezi angaganize kuti anthu a kwa Chikomeni amadya nyama tsiku ndi tsiku. Koma zoona zace nzakuti m'nyumba zambiri nyama imaoneka mwa kamodzikamodzi. Gwape, amene ena amamuchula kuti insa, amalowa m'munda usiku nadya nyemba, nguluwe imafukula cinangwa, koma kukaca mwini munda amadyera nsima yace therere.

Cifukwa ca ici ambiri amafunsa kuti, kodi munthu wa kumudzi angathe kupha gwape mmodzi popanda kulakwira lamulo? Nanga angaononge ndalama zotani kuti apeze cilolezo? Yankho ndi lakuti njira iripo, koma ndi yaitali ndiponso yodula, kotero kuti banja lodalira khasu silingaike mtima pa njira imeneyi kuti ndiyo idzadyetse ana.

NDIWO ZA MASIKU ONSE

Cakudya ceniceni kwa Chikomeni, monga m'midzi yonse ya cigawo ca Kum'mawa, ndi nsima ya cimanga, ya ufa woyera kapena ya mgaiwa. Pa nyumba pamene zinthu ziri bwino imaphikidwa kawiri, masana ndi madzulo, ndipo m'mawa ana amamwa phala kapena kudya mbatata, maungu ndi cimanga cokazinga malinga ndi nyengo. Ufa ukakhalapo, nkhawa ya mai wa pa nyumba imatsala pa cinthu cimodzi, ndico ndiwo.

M'dzinja ndiwo sizisowa. M'munda muli nkhwani, citambe, khwanya ndi bonongwe, m'mbali mwa njira muli therere lomwe amai amaphika ndi cidulo, ndipo m'nkhalango za mombo ndi misuku mumamera bowa wa mitundumitundu. Mvula yoyamba imabweretsa inswa, ndipo nyengo yace ikakwana pamakhalanso mphalabungu. Mai wocenjera sadya zonse nthawi imodzi. Amafutsa masamba, nawayanika, nawamanga m'zikwatu kuti mfutso udzathandize pamene dzuwa laumitsa dziko. Cimene cimakometsa ndiwo zimenezi ndi nsinjiro, pakuti dera la Lundazi ndi lochuka pa ulimi wa nshawa, ndipo nkhwani yotendera bwino munthu amadyera nsima mpaka kunyambita zala.

Anthu akakolola, anyamata amatenga makasu kukakumba mbewa m'minda, ndipo kapuku wonona ndi ndiwo zaulemu zomwe angapatsidwe ngakhale mlendo. Mbewa sizifuna laisensi ai. Nyemba, khobwe ndi nzama zimatuluka m'nkhokwe nthawi yomweyi. Kapenta, usipa wocokera ku Malawi, nyama ya soya, mcere ndi saladi zimafuna ndalama, motero zimaculuka m'nyumba miyezi imene anthu agulitsa soya, thonje, fodya ndi mpendadzuwa, ndipo zimayamba kusowa pamene ndalama zapita ku feteleza. Nkhuku imaphedwa kukabwera apongozi kapena pa Khirisimasi, mbuzi imadikira ukwati, maliro kapena bvuto lofuna ndalama mwamsanga.

Kusowa kwa ndiwo zomanga thupi si nkhani yocepa. Kafukufuku wa zaumoyo amene Boma linacita mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 ali onse osakwana zaka zisanu m'Zambia, ana 35 anali opinimbira. Caka cikakhala ca cilala, monga 2024 pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lagwa m'tsoka la cilala, nsima imaphikidwa kamodzi pa tsiku ndipo maso a abambo ena amayamba kuyang'ana kuthengo. Ndi nthawi yotere pamene waya wa mabuleki a njinga umasanduka msampha.

KALE NDI LERO

Makolo athu anali kusaka, ndipo usaki wao unali ndi malamulo ace. Thengo likapsa, mudzi wonse unali kupita ku uzimba ndi mauta, nthungo, zibonga ndi agalu. Panalinso aciwinda odziwa kulondola mapazi a nyama, amene anali ndi mfuti za gogodera zothira onga. Msaki sanali kudya yekha. Nganga kapena mwendo wa nyama yaikulu unali kupita kwa mfumu monga mtulo, nyanga ya njobvu yogwera pansi inali ya mwini dziko, ndipo nyama yotsala inali kugawidwa kwa acibale ndi anansi.

Atsamunda ndiwo anabweretsa malaisensi, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1964 Boma linapitiriza kusunga nyama mwa lamulo latsopano la 1968. Mu 1972 Lukusuzi, malo aakulu masikweya kilomita 2,720, inaikidwa kukhala National Park pamodzi ndi Luambe, North Luangwa ndi South Luangwa. M'malo otere kusaka kwa mtundu uli wonse nkoletsedwa. M'mbali mwa nkhalangozi munaikidwa madera ochedwa Game Management Area, momwe anthu amakhala ndi kulima, koma usaki umaloledwa kwa okhawo amene ali ndi zikalata. M'zaka zimenezo munthu wa kumudzi wokhala ndi mfuti yolembedwa anali kutha kugula laisensi yochipa yochedwa District Game Licence, yomulola kupha nyama zingapo za ndiwo m'boma la kwao.

Mtengo wa kopa utagwa mu 1975 ndalama zinasowa m'dziko, alonda a nyama anacepa mphamvu, ndipo magulu a anthu okhala ndi mfuti za nkhondo analowa m'cigwa ca Luangwa kufuna minyanga. Njobvu zoposa theka zinatha m'zaka zosakwana makumi awiri. Boma linaletsa kusaka njobvu mu 1982, koma cipembere cinapitirira kuphedwa mpaka mu 1998 pamene cinalengezedwa kuti catheratu m'Zambia. Zipembere zakuda zomwe ziri ku North Luangwa zinacita kubweretsedwa ndi ndege kucokera ku South Africa kuyambira mu 2003. Mbiri imeneyi ndiyo inaumitsa malamulo amene akhudza lero ngakhale munthu wofuna gwape mmodzi wa ndiwo.

NYAMA NDI ZA YANI?

Lamulo loyendetsa nkhaniyi ndi Zambia Wildlife Act la 2015. Linathetsa bungwe la ZAWA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ndipo kuyambira mu Januwale 2016 nchito yoyang'anira nyama iri m'manja mwa Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, imene likulu lace liri ku Chilanga. Anthu a kumidzi amangowachula kuti a gemu, ndipo ali ndi kampu yao kwa Chikomeni komweko, pa njira yolowera ku Lukusuzi.

Mfundo yoyamba ya lamuloli ndi yakuti nyama zonse za kuthengo ziri m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse. Gwape wopezeka m'munda mwanu si wanu ai, ngakhale anabadwira pa culu ca m'munda momwemo. Amasanduka wanu pokhapokha mutamupha muli ndi laisensi yochula nyama ya mtundu umenewo. Izi zikhudza gwape, kasenye, mbawala, mphoyo, nswala, ngoma, njiri ndi nguluwe, ndipo ngakhale nkhanga ndi nkhwali ziri ndi laisensi yace ya mbalame. Nyama zina, monga ngaka, ndi zotetezedwa mwapadera, ndipo makhoti akhala akupereka zaka zisanu za ukaidi kwa opezeka nayo.

Caka ciri conse dipatimenti imaika ciwerengero ca nyama zimene zingaphedwe m'dera liri lonse losakiramo, kuti zotsala zithe kuswana. Gawo lina limapita kwa makampani a safari amene amabweretsa alendo a kunja, lina kwa nzika za Zambia ndi okhala m'dziko muno, ndipo lina laling'ono lakhala likupatulidwa kwa anthu okhala m'madera momwemo. Ofunsira akaculuka kuposa nyama, m'zaka zina pakhala pakucitika maere, motero munthu angathe kupereka kalata yace koma osapeza mwai. Kwa zaka zambiri nyengo ya usaki wa nzika yakhala kuyambira mu Sepitembala kufikira mu Disembala, ndipo Boma liri ndi mphamvu yotseka usaki likaona kuti nkofunika, monga momwe nduna Mai Sylvia Masebo anaimitsira usaki wa mikango ndi anyalugwe mu Januwale 2013, ciletso cimene cinacotsedwa mu 2015.

MTENGO WACE

Nyama iri yonse iri ndi mtengo wace wace. Nzika imalipira m'ma Kwacha, mlendo wa safari amalipira m'madola a ku America ndipo mtengo wace ndi wokwera kwambiri. Nyama zazing'ono monga gwape ziri kumunsi kwa mndandanda, nswala ndi mbawala ziri pamwamba pace, ndipo ngoma ndi njati ndi zodula koposa. Mitengo imasintha. Mu 2024 Boma linakweza muyeso umene amawerengera malipiro ambiri a Boma ndi mafaindi a kukhoti, kucoka pa 30 ngwee kufika pa 40 ngwee, kotero kuti faindi imene inali K300 inafika pa K400. Wofuna mtengo wa caka cino afunse ku ofesi ya a gemu, alipire ku ofesi kapena ku banki monga momwe amuuzira, ndipo asacoke wopanda risiti la Boma.

Koma mtengo wa nyama ndi gawo locepa cabe la ndalama zofunika. Coyamba munthu ayenera kukhala ndi mfuti yolembedwa, imene imafuna cibvomerezo ca apolisi ndi laisensi ya ku khonsolo. Mfuti yace ikhale yoyenera nyama imene afuna, pakuti njati siiloledwa kuomberedwa ndi mfuti yocepera pa .375. Zipolopolo zimagulidwa m'masitolo a m'tauni okhala ndi cilolezo. Kenaka pali malipiro a kalata yofunsira, cilolezo colowera m'dera losakiramo, ndi maulendo a ku ofesi amene kawirikawiri satha ndi tsiku limodzi. Dera losakiramo lodziwika limene liri pafupi ndi Lumimba, m'cigwa kutsidya kwa Lukusuzi, m'maiko a mafumu Chitungulu, Kazembe ndi Mwanya, ndipo kudutsa m'nkhalango ya Boma ndi mfuti popanda cilolezo ndi mlandu pa wokha. Kumeneko msaki amayenda ndi mlonda wa nyama, amene amaona kuti yaphedwa ndi yomwe iri pa cikalata, ndipo nyamayo imalembedwa pa laisensi ikangophedwa. Laisensi siibwerekedwa. Dzina limene lalembedwapo ndilo la munthu woyenera kuombera.

Tsopano tiyeni tiyese zonsezi ndi nyama yomwe. Gwape wamkulu sapitirira makilogramu 25 ali wamoyo, ndipo mukacotsa cikopa, mutu, matumbo ndi ziboda, yotsala siikwana kudyetsa banja la anthu asanu ndi atatu kwa milungu iwiri. Kukula kwace sikuposa mbuzi ya pakhomo. Munthu wa galimoto wocokera ku Chipata kapena ku Lusaka, amene watenga laisensi ya njati yolemera makilogramu oposa 500 pamodzi ndi nswala zingapo, angathe kubweza ndalama zace. Mlimi wa kwa Chikomeni wofuna gwape mmodzi angaononge ndalama zogulira mbuzi zingapo asanaombe ndi cipolopolo cimodzi comwe. Ici ndico cifukwa cace ambiri amadandaula kuti nyama zimadya m'minda ya osauka koma zimadyedwa ndi olemera, ndipo dandaulo limeneli liri ndi maziko.

ZIMENE LAMULO LILETSA

Ngakhale munthu wokhala ndi laisensi sasaka monga momwe afunira. Nkoletsedwa kuchera misampha ya waya, kukumba mbuna, kuthira poizoni, kuzinga nyama ndi moto, kusaka usiku ndi nyali, kuthamangitsa nyama ndi galimoto, kapena kusaka ndi agalu popanda cilolezo colembedwa. Nkoletsedwanso kupha ana a nyama kapena yaikazi imene iri ndi mwana. Msampha wa waya ndiwo woipitsitsa, cifukwa susankha. Wochera gwape amagwira fisi, mkango kapena citamba ca njobvu, ndipo nyama zambiri zogwidwa zimaolera pa msampha mwini wace asanabwere.

Amai amvetsetse mfundo iyi. Mlandu si wa wopha yekha ai. Wogula, wonyamula ndi wosunga nyama ya kuthengo popanda cikalata cosonyeza kumene yacokera, nayenso ali ndi mlandu. Kamtanda ka nyama youma kogulidwa usiku kuseri kwa nyumba kangathe kutengera mai wa ana ku khoti ku Lundazi. Khoti lingagamule faindi yoposa ndalama za zokolola za caka cathunthu, kapena ukaidi, ndipo mfuti, njinga kapena njinga yamoto yonyamulira nyamayo zingalandidwe. Wopha njobvu kapena cipembere alibe mwai wolipira faindi. Cilango cace cimayambira pa zaka zisanu m'ndende. Bambo akamangidwa mu Novembala, munda umagona osalimidwa, ndipo njala imene anali kuthawa imabwera yowirikiza caka cotsatira.

Palinso ngozi ya matenda. Mu 2011 m'boma la Chama anthu oposa 500 anadwala matenda a anthrax atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zofa zokha mu mtsinje wa Luangwa, ndipo asanu anamwalira. Nyama yopezeka itafa yokha, kapena yogulidwa kwa munthu wosadziwika kumene waitenga, isalowe mu mphika.

NYAMA IKAONONGA MUNDA

Bvuto lalikulu kwa Chikomeni m'zaka zino lakhala njobvu. Mu 2015 maiko a Zambia ndi Malawi anasainirana pangano losunga pamodzi nkhalango za m'malire, kuphatikizapo Lukusuzi ndi Kasungu, ndipo mu 2022 njobvu 263 zinasamutsidwa kucokera ku Liwonde kupita ku Kasungu. Njobvu sizidziwa malire. Zina zinaolokera m'midzi ya ku Zambia, zinadya cimanga m'minda ndi m'nkhokwe, ndipo anthu ena anataya miyoyo.

Lamulo limalola munthu kupha nyama podziteteza yekha kapena poteteza moyo wa mnzace, ndipo liri ndi ndime yonena za mwini munda amene nyama ikumuonongera mbeu. Koma wocita zimenezi ayenera kukanena kwa a gemu masiku awiri asanathe, ndipo nyama yophedwayo imakhalabe ya Boma. Wobisa nyamayo nkuidya mwakacetecete amasandutsa nkhani yabwino kukhala mlandu. Ciri cowawa ncakuti lamulo silinaike malipiro a mbeu zoonongedwa ndi nyama. Ngakhale ziri tero, nkofunika kukanena nthawi iri yonse kwa anyakwawa ndi kwa a gemu, cifukwa malipoti olembedwa ndiwo amapatsa mafumu, makhansala ndi aphungu mphamvu yopempha alonda oonjezera ndi mipanda.

NDALAMA ZA MALAISENSI ZIMAPITA KUTI?

Kuyambira mu 1988, pamene dongosolo la ADMADE linayamba m'cigwa ca Luangwa, Boma linabvomereza kuti anthu okhala ndi nyama ayenera kupindula nazo. Lamulo la 1998 linakhazikitsa mabungwe ochedwa Community Resources Board, osankhidwa ndi anthu a m'dziko la mfumu. Mwa malamulo a 2004, theka la ndalama za nyama zophedwa pa laisensi liyenera kubwerera kwa anthu: K45 pa K100 iri yonse ku bungwe, ndi K5 kwa mfumu. Ndalamazi zimalipira alonda a m'midzi, ndipo zina zamanga zipinda za sukulu, nyumba za aphunzitsi ndi zitsime. M'zaka zina ndalamazi zinacedwa kufika ndipo mabungwe anadandaula poyera. Phindu limaculuka m'madera okhala ndi nyama zambiri zokopa a safari, ndipo kumene nyama zinatha ndi misampha kulibe cogawana. Anthu ali ndi ufulu wofika pa misonkhano ya mabungwewa ndi kufunsa kuti ndalama zalowa zingati ndipo zagwira nchito yanji.

NDIWO ZODALIRIKA ZIRI PAKHOMO

Akulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Banja lofuna nyama m'mbale liyambe ndi khola. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu ndipo kawirikawiri imabala awiri, pamene gwape amabala mmodzi. Mazira a nkhuku amaswa pa masiku 21, ndipo citopa comwe cimatha nkhuku m'cilimwe ciri ndi katemera wochipa wodontheza m'diso, woperekedwa miyezi itatu kapena inai iri yonse; alangizi a ziweto angakuuzeni kumene amapezeka. Akalulu oweta amabala pakatha mwezi umodzi ndipo amadya masamba a mbatata ndi udzu. Nkhunda zoweta sizifuna cikalata ca a gemu. Nkhumba zimangidwe m'khola, cifukwa cigodola cimafala ndi zoyendayenda. Pogulitsa soya ndi nshawa, thumba limodzi litsale pa nyumba, pakuti phala losakaniza ufa wa soya wokazinga kapena nsinjiro limamanga thupi la mwana, ndipo dzira limodzi loperekedwa kwa mwana liposa kakobiri kamene likanabwera nako ku msika.

Bungwe la COMACO, limene a Dale Lewis anayambitsa mu 2003 ndipo liri ndi malo ace ku Lundazi, lakhala likulandira mfuti ndi misampha kucokera kwa amene asiya usaki wosaloledwa, kuwaphunzitsa ulimi wosunga nthaka ndi kuweta njuci, ndi kugula nshawa, soya, mpunga ndi uci zomwe limagulitsa m'masitolo ndi dzina la It's Wild! Asaki ambiri akale m'cigawo cino anabwerera ku khasu mwa njira imeneyi.

Amene ali ndi mfuti yolembedwa ndi ndalama zokwanira, ndipo afunadi kusaka, apite ku ofesi ya a gemu nyengo isanatsegulidwe, afunse nyama zimene ziri pa ciwerengero ca caka cimeneco, mitengo yace ndi tsiku lotsekera makalata, pakuti safunsa anadya phula. Amene ali ndi gogodera yobisa kudenga kapena waya m'thengo, alankhule ndi anyakwawa kuti apeze njira yoziperekera asanagwidwe nazo. Ndipo anyakwawa, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo amene awerenga nkhani ino aifotokoze kwa anzathu osadziwa kuwerenga, makamaka anyamata amene amapita kuthengo ndi agalu, kuti asagwe m'mlandu cifukwa ca lamulo limene sanalimvepo.